Muyezo wa Chigongono

Tsiku limene Telala anabwerera kunyumba kwake, apongozi ake anamulandira pakhomo ali ndi kampando m'manja.

"Takulandirani, mpongozi. Landirani aka, muzipondapo pophika," anatero mayi wachikulireyo, akumwetulira mwachiphamaso.

Telala anali atachoka kwa milungu inayi, kukasamalira mng'ono wake yemwe anachira mwa opaleshoni. Pochoka anasiya m'manja mwa mwamuna wake ndalama zonse zimene anasunga kwa zaka zisanu ndi chimodzi akusoka mayunifolomu a ana a sukulu, kuti akonzetse khitchini. Yakale ija inali itamufika pakhosi. Sinki inkadontha, makabati anali atadyedwa ndi chiswe, ndipo chitseko chimodzi ankachita kuchimanga ndi kansalu kotsala posoka. Akapuma kushopu ankangokhalira kuona zithunzi za makhitchini pafoni, mpaka anzake osoka nawo ankamuseka kuti tsiku lina adzakazingira mazira pafonipo.

"Pitani, mayi, musadandaule," mwamuna wake anatero pomuperekeza. "Pobwera mudzapeza zonse zili m'malo."

Ndipo koma abale, khitchini inali yokongola! Makabati oyera mbee, ofika mpaka kudenga, opanda zogwirira, ongokankha ndi chala n'kutseguka okha. Pamwamba pokonzera zakudya anayalapo mwala wotuwa wosalala. Pakati panali chitebulo chomangirira pansi, chija amisiri amati chilumba, ndipo zenera lalikulu latsopano linkayang'ana kugeti. Khoma limodzi lokha ndi limene linali lisanapakidwe penti, lolekanitsa khitchini ndi chipinda cha apongozi. Chakumwamba kwake wina anali atajambulapo mtanda waukulu ndi penti yofiira.

"Nanga apa?" Telala anafunsa.

"Mwana wanga akuti khoma langali alipaka penti yapadera, mbali zonse ziwiri," apongozi anayankha monyada. "Si onse amene amaiwala nkhalamba."

Telala anameza mawuwo monga ankachitira zaka zonse. Anavala epuloni, natenga anyezi kuti ayambe kuphika. Atangoika mpeni pamwalapo, anaona kuti mapewa ake akwera mpaka m'makutu. Anaika poto pachitofu, koma kuti aone m'kati anachita kunyang'ama ndi zala za kumapazi. Anapisa dzanja lamanja kufuna supuni, n'kupeza kuti dirowa ya mipeni ndi masupuni ili kumanzere. Chotsegulira mpopi nachonso chinali kumanzere. Mapeto ake anakwera pakampando kaja, ndipo anamva apongozi akuseka chamumtima kumbuyo kwake.

Mwamuna wake, yemwe ankagwira ntchito pakampani yogulitsa matayala, anafika dzuwa likulowa. Anamupatsa moni wa dzanja ngati mlendo, maso ali kwina.

"Bambo, khitchiniyi yatalika bwanji chonchi?"

"Ndi mmene akumangira masiku ano, mayi. Muyezo wake ndi umodzi kulikonse. Muzolowera."

Muyezo umodzi! Munthu amene wakhala ndi tepi m'khosi zaka makumi awiri sauzidwa zoterozo. Telala ankadziwa kuti ngakhale mapasa sasokeredwa buluku pa muyezo umodzi. Koma anali atatopa ndi ulendo, ndiye anangoti, "Chabwino."

Patebulo apongozi analawa msuzi kamodzi n'kukankha mbale.

"Basi, njala yabweranso m'nyumba muno. Madzi enieni awa."

Nkhani ya mchere inali yakalekale. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo mayiyu anagwa m'bafa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, mkono umodzi n'kuchita dzanzi miyezi itatu. Dokotala analetsa mchere, shuga ndi zamafuta. Kuyambira pamenepo Telala ankawaphikira kapoto kawokawo, kuwawerengera mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndi kuwasisita mkono uja mpaka unayambanso kugwira kapu. Malipiro ake anali mbiri yoipa. Msewu wonse unkadziwa kuti mkazi wa mwana wawo ndi wouma mtima, amamana nkhalamba ngakhale kamchere.

Telala anasuzumira pansi pa tebulo, naona kuti mapazi a apongozi atupa mpaka masilipasi akuwathina.

"Amayi, milungu inayiyi amakuphikirani ndani?"

"Alipo anthu a mtima wabwino panja pano," anayankha akutokosa m'mano. Mwamuna wa Telala anatsamwa ndi madzi.

Kutacha linali Loweruka. Mwamuna anapita kuntchito ya theka la tsiku, apongozi anapita kukacheza kwa anzawo kuseri kwa msewu. Telala anavala diresi lakale, namanga mpango kumutu, n'kukwera pakampando kupukuta fumbi m'makabati. Ali pomwepo analowa kalipentala, bambo wa imvi, pensulo kukhutu, atanyamula zitseko ziwiri zomaliza.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Kodi mayi a nyumba ino afika? Ndimafuna aone ngati zitsekozi zawasangalatsa."

Telala anagwira kabati kuti asagwe. Pakamwa panafuna kukuwa kuti mayi a nyumba ndi ine, koma nzeru zinamutsina khutu.

"Sanafike," anatero. "Ine ndangobwera kudzathandiza. Koma bambo, mwamanga patali bwanji? Enafe tikuchita kukwera pampando."

Kalipentala anaseka, naika zitseko pansi. Anali munthu wokonda ntchito yake, komanso wokonda kuikamba.

"Aaa, achemwali, khitchini samangira wothandiza, amamangira mwini wake. Anyamata a masiku ano amangokopera za pafoni, muyezo umodzi nyumba zonse, kenako azimayi n'kumadwala msana. Anthu akuthira ndalama m'makhitchini kuposa m'galimoto, koma funsani amene amaphikamo! Ine ayi. Ine ndimaimika mwini khitchini pakhoma, apinde mkono chonchi ngati akudula nyama, ndiyeze kuchokera pansi kufika pachigongono. Kenako ndimatsitsa chikhatho chimodzi, pamenepo ndiye pamwamba pa mwala. Ndimafunsanso dzanja limene amagwirira mpeni. Taonani kuno."

Anakankha firiji pang'ono. Kuseri kwake, pamene penti sinafike, panali kamzere ka pensulo. Telala anatsika pakampando, nakaima pafupi. Kamzereko kanamufika pafupi ndi phewa.

"Mayi ake ndi aatali, ndipo ndi amanzere," kalipentala anapitiriza. "Tsiku limenelo tinaseka bwanji! Agogo a m'nyumba muno ndi amene anandigwirira tepi pansi, atagwada, akuti ayezeni bwino mpongozi wangayu asadzawerame."

Wamtali. Wamanzere. Telala sanachite kufunafuna patali. Chaka chatha apongozi anabwera kushopu ndi mtsikana wina wogwira ntchito pakauntala kukampani ya matayala ija, akuti ndi mwana wa mnzawo, amusokere diresi pamtengo wachibale. Mtsikanayo anamupatsira nsalu ndi dzanja lamanzere. Nsalu ya mamita atatu sinakwane, ndipo atachoka anzake a kushopu anamupatsa dzina loti Nsungwi. Telala anagwada pansi tsiku limenelo, mapini ali kukamwa, kumupindira mpendero.

"Tangotsala ndi gawo lachiwiri," anatero kalipentala, akutambasula pepala lalikulu pachilumba paja. "Lolemba tigwetsa khoma la mtanda wofiiralo. Chipindacho chilowa kukhitchini, mukhala mosungira zakudya ndi makina ochapira. Masiku ano anthu sakufunanso makoma. Mayi aja akuti zonse zithe mwana asanabadwe."

"Mwana," anatero Telala chapansipansi. "Nanga agogo azigona kuti?"

"Abwana anati akupita kwa mwana wawo wamkazi. Kaya, ine za m'banja sindilowerera."

Apa m'pamene bamboyo anakweza maso, naona misozi ikuyenderera mpaka pachibwano. Anayang'ana misoziyo, anayang'ana mphete pachala, kenako anayang'ana kudzera pakhomo la pabalaza, pomwe panapachikidwa chithunzi cha ukwati. Mkwatibwi wa pachithunzipo ankalekeza pachifuwa cha mwamuna wake.

"Kalanga ine!" anatero, akuvula chipewa. "Mayi, ndikhululukireni. Ine sindimadziwa."

"Simunalakwe, bambo. Ntchito yanu ndi yabwino, mwayeza molondola." Anatambasula zala zake zokhala ndi zipsera za singano. "Kungoti mwalawu unatuluka m'zala izi. Pepalalo ndisiyireni."

Kalipentala anatuluka osamangirira n'komwe zitseko zija.

Telala analira mokwanira, ali yekha, atakhala pakampando kaja pakati pa makabati oyera. Analira zaka makumi awiri ndi ziwiri za ukwati. Analira mwana wawo wamkazi yemwe anali kukoleji, osadziwa kanthu. Analira maso ake amene anayamba kuchita chidima chifukwa cha ulusi wa mayunifolomu. Atatha anasamba kumaso, nalongedza masutikesi awiri, naimbira wa galimoto ya hayala kuti abwere ikamakwana 2 koloko. Chakudya chamasana sanaphike.

Apongozi ndi mwamuna wake anafikira limodzi, akuseka. Atalowa m'khitchini anapeza firiji ili pakatikati, chitofu chili chozizira, Telala ataima ndi tepi m'khosi.

"Kodi lero tidya makabati?" apongozi anafunsa.

"Amayi, tabwerani muime apa."

"Ndiime chifukwa chiyani?"

"Bwerani, mupinde mkono. Tione ngati kamzere aka n'kanu."

Apongozi anayang'ana pakhoma, nkhope n'kugwa. Mwamuna anaika makiyi a galimoto pamwala mwakachetechete.

"Si kanu," anatero Telala. "Inu kakufikani paphewa. Si kanganso. Bambo, mwina n'kanu? Mwayamba liti kugwira mpeni ndi manzere?"

"Mayi, tiyeni kuchipinda tikakambirane ngati akuluakulu."

"Tikambirana momwe muno! Muno ndi mmene munamuimika, muno ndi mmene munamuyeza. Mwanditumiza kukasamalira wodwala, inu n'kulowetsa mkazi wanu m'nyumba mwanga, kumumangira khitchini ndi thukuta langa. Ine kundipatsa kampando! Bambo, mulibe manyazi? Zaka zonsezi simudziwa kuti chigongono changa chimalekeza pati?"

"Ndinalakwa, ndikuvomera," mwamunayo anatero, akupukuta thukuta pamphumi. "Zinangochitika. Ali ndi pakati, ndiye sindingamutaye. Ndimafuna ndikuuzeni bwinobwino khitchini ikatha. Ndakupezerani kale kanyumba kabwino pafupi ndi shopu yanu, simudzavutika ndi mayendedwe."

"Ha! Mpaka mwandiganizira za mayendedwe. Ambuye akudalitseni."

"Musamukalipire mwana wanga!" apongozi analowerera, mantha aja atawathera. "Inde, ndinagwira tepi ndine, ndipo mawa nditha kugwiranso. Mtsikana uja ali ndi mtima. Akabwera amandibweretsera makeke, nyama amandikazingira yonona, m'tiyi amathira masupuni atatu a shuga osandiwerengera. Inu mwandizunza zaka zisanu ndi zitatu ndi zakudya za kuchipatala. M'nyumba ya mwana wanga ndizichita kuba mchere ngati mbava? Mwakolola zimene munafesa!"

Mawu amenewa anamupweteka Telala kuposa a mwamuna wake. Mwamuna ndi mwamuna, anadziuza, koma mayi uyu anamusambitsa ndi manja ake, anamutawasa, anamunyamula kumsana kupita naye kuchimbudzi pamene ana ake enieni ankangoimba foni. Anamva ukali ukukwera, ndipo sanafune kuubweza.

"Mwanena zoona, amayi, ali ndi mtima. Bwerani muone mtima wakewo."

Anatambasula pepala la kalipentala, napanikiza ngodya zake ndi makapu.

"Apa ndi pamene taima. Iyi ndi sinki, ichi chitofu. Tsopano ndilozereni chipinda chanu."

Apongozi anawerama, nayendetsa chala papepalapo uku ndi uku. Za mapulani sankazidziwa, koma mabokosi ankatha kuwerenga.

"Chili kuti?"

"Palibe. Pamene pali bedi lanu padzakhala makina ochapira. Pamene mumaika Baibulo lanu padzakhala matumba a mpunga. Mtanda wofiira uwo si wa penti yapadera ayi. Lolemba kukubwera nyundo."

"Bodza!" Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, tamuuza kuti akunama."

Mwamunayo anayang'ana matailosi atsopano.

"Ndikulankhula ndi iwe! Ine ndizigona kuti?"

"Amayi, n'zongoyembekezera chabe. Tinaganiza kuti mukakhale kaye kwa achemwali mpaka mwana atakula pang'ono. Mnzangayu akuti sangakwanitse khanda ndi wodwala nthawi imodzi."

"Kwa mlongo wako? M'chipinda chimodzi chija, ndi ana asanu? Amene sanabwere n'komwe kudzandiona nditagwa?" Anadziloza pachifuwa. "Wodwala? Akunditchula wodwala, iye amene amandipatsa makeke?"

"Makeke aja anali okutsanzikani," anatero Telala.

Mayi wachikulireyo anamwazamwaza maso m'khitchinimo. Anafuna pokhala, koma mipando ya pachilumba inali italiitali, ya fasho, yosakwereka ndi munthu wa msinkhu wake. Anakhala pakampando komwe kaja, nayamba kulira mokweza, akudziguguda pachifuwa.

"Mwana wanga, ndinakubereka ndine! Ndinagwada pansi apa kugwira tepi yogwetsera chipinda changa chomwe! Mayo ine!"

Panja galimoto inaliza hutala. Telala anavula epuloni, naipinda bwinobwino, n'kuiika pamwala. Mwamuna ataona masutikesi pakhonde anathamanga kukaima pakhomo.

"Mayi, musachite zinthu mopupuluma. Anthu aziti chiyani? Nanga mwana timuuza chiyani?"

"Mumuuza ndinu. Mumuimike pakamzere apo, mumufotokozere. Kanyumba kanu kaja mukagonemo nokha, ine ndili ndi kopita. Za nyumba ino, ndi za mwala uwu, tikakambirana kukhoti, musaganize kuti ndakusiyirani. Tandipatseni njira."

Woyendetsa galimoto anathandiza kunyamula makina osokera. Telala atabwerera kudzatenga chikwama, apongozi anamugwira diresi ndi manja onse awiri.

"Mpongozi, mwana wanga, usandisiye. Ndinalakwa, ndinapusa ine. Ukachoka andipitikitsa. Ukakhala sangagwetse khoma, amakuopa. Ndidzadya chilichonse chimene uphike, ngakhale madzi enieni, sindidzadandaulanso."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo aka kanali koyamba kumutchula kuti mwana wanga. Telala anamva chisoni, sangakane. Koma anaonanso bwino lomwe kuti sakumufuna iye, akufuna khoma. Anamasula zala za apongozi chimodzichimodzi.

"Taimani kaye, amayi, ndibwereke kampandoka."

Anakwerapo komaliza, natsegula kabati ya pamwamba, natsitsa botolo la mchere ndi kabokosi ka mapiritsi. Zonse ziwiri anaziika m'mphepete mwa mwala, pamene dzanja lalifupi lingafike.

"Oyera awiri m'mawa, wofiira mmodzi madzulo, mutadya. Mchere ndi uwu, palibenso wokubisirani. Musankha nokha." Anakankhira kampando kumapazi awo otupa. "Aka munandipatsa dzulo, ndakubwezerani. Inu ndi ine msinkhu ndi umodzi."

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko, mpaka zitseko ziwiri za makabati opanda zogwirira aja zinatseguka zokha.

Galimoto ili pageti, woyendetsa anatsika kukamanga bwino chingwe cha makina. Telala anali atalumbira kuti sacheuka, koma anacheuka. Kudzera pazenera lalikulu lija, limene analisirira pafoni zaka zonsezo, khitchini yonse inkaoneka. Mwamuna wake anali atatembenukira kukhoma, foni ili kukhutu. Apongozi anali atakokera kampando kukhoma la chipinda chawo, atakwerapo, akunyang'ama ndi kansalu konyowa m'manja, kuyesa kufufuta mtanda wofiira uja. Dzanja linkangofika kumunsi kwake, ndipo pentiyo inali itauma kalekale.

"Tizipita, mayi?" woyendetsa anafunsa.

"Tiyeni," anatero Telala.